Za Pakhomo Pathu: Mwana Akapita Kunja, Nambala Itsala ndi Yani?

Makolo athu anali nalo dzina la munthu amene anapita kukagwira nchito kutali nakhala cete, osalembanso kalata. Anali kumucha mchona. Amuna ambiri a ku Chipata, Katete ndi Petauke anapita ku mafamu ndi ku migodi ya ku Southern Rhodesia, ena anafika mpaka ku Joni, ndipo m'midzi yambiri munali mai amene anakalamba akuyang'ana ku njira. Lero ana athu a mu Kanyama, Matero ndi Chawama akupita kutali koposa apo: ku England, ku Dubai, ku Australia, ndi ku Joni komweko. Sitiwacha machona, pakuti Lamulungu lililonse madzulo timamva mau ao pa foni ndi kuona nkhope zao. Koma kwabuka kuchona kwa mtundu wina, kumene sikucokera mu mtima wouma. Mwana afuna kulankhula ndi amake, amake afuna kulankhula ndi mwana, koma foni yaleka kulira, ndipo palibe amene adziwa cimene calakwika. Mwezi uno tiyeni tione nkhani imeneyi, popeza kawirikawiri vuto lake limayamba mwanayo asanakwere n'komwe ndeke.

Amene anakulira m'makomboni akumbukira kuti lamya ya pa nyumba inali ya kumayadi. Munthu wa mu George kapena Kalingalinga akafuna kuimba kunja anali kukwera basi kupita ku positi ofesi yaikulu ya pa Cairo Road, kapena kupempha lamya ya ku nchito, kapena ya ku parishi ngati uli uthenga wa maliro. Masiku amenewo lamya ndi makalata zinali m'manja mwa bungwe limodzi la boma, PTC, limene linagawidwa pawiri mu 1994: Zamtel inatenga lamya, Zampost inatenga makalata. M'caka comweco ZAMNET inayamba pa UNZA, ndipo Zambia inakhala limodzi la maiko oyambirira mu Africa kulumikizidwa pa intaneti. Komabe waya wa lamya sunalowe m'nyumba zambiri za mu komboni. Cimene cinalowa ndi foni ya m'manja. Ndipo pamene WhatsApp inayamba kulola anthu kuimbirana mu 2015, nyumba zathu zinapeza lamya ya pakhomo imene PTC sinatipatse: foni imodzi yokhala pa kabati, yokhala ndi mabandulo kapena yolumikizidwa ku karauta, imene banja lonse limalankhulirapo ndi abale a kutali.

Tsono dzifunseni: ndani anaikonza foni imeneyo? Ndani anagula simu, nalembetsa WhatsApp, namagula mabandulo mwezi ndi mwezi? M'mabanja ambiri ndi mwana yemwe uja wophunzira, wodziwa za makina, amene wapeza nchito kunja. Wodziwa ndiye akucoka. Pa tsiku lotsazikana timakamba za lendi, za ndalama za sukulu ndi za mankhwala a atate, koma za foni palibe amene achula, popeza tsikulo foni ikugwira bwino nchito.

Lamya yakale inali yomangika ku nyumba. Nambala inali ya khomalo, ndipo munthu akasamuka anali kuisiya. Foni ya pa intaneti siili conco. Mau anu amadulidwa tizidutswa ting'onoting'ono, timene timayenda pa intaneti ngati makalata ambirimbiri, n'kukalumikizidwanso kwa amene akumva. Nambala siikhala mu waya koma m'mabuku a kampani. Ici ndico cifukwa cace mwana angathe kutsika ndeke ku London, n'kulumikiza foni yake ku intaneti ya pa bwalo la ndeke, n'kuimbira amake ndi nambala yake yomwe ija ya +260 ngati kuti ali ku Kamwala. Ubwino wake ndi umenewu, ndipo msampha wake uli pomwepo.

Msampha wake ndi uwu. WhatsApp imafunsa nambala yanu pa tsiku lolembetsa. Imatumiza uthenga wa manambala 6 a cinsinsi ku simu yanu, inu mumawalemba, ndipo nkhani yatha. Kucokera pamenepo siyang'ananso ngati simuyo ili moyo. Mungathe kuicotsa, kuiika m'thumba la sutukesi, ndipo WhatsApp idzapitirira kugwira nchito miyezi ndi miyezi. Koma kampani ya foni kuno kwathu ili ndi mabuku ake. Simu imene yakhala nthawi yaitali osaimba, osatumiza uthenga, osaikidwa talk time, imazimitsidwa, ndipo pakapita nthawi nambala yake imagulitsidwa kwa munthu wina. Palibe cinyengo pamenepa. Manambala ndi owerengeka, ndipo makampani a pa dziko lonse amacita cimodzimodzi. Motero mwana wathu ku England akuimba Lamulungu lililonse ndi nambala imene inafa kale, iye osadziwa. Cakudza siciimba ng'oma.

Ndidziwa banja lina la mu George limene linagwa mu msampha umenewu. Mwana wao wamkazi anapita ku England kukasamalira okalamba, nasiya ana ake awiri ndi ambuya ao. Simu ya kuno anaisunga bwino m'kacikwama pamodzi ndi mapepala ake a sukulu. Patapita miyezi ingapo foni yake inagwa pansi n'kusweka. Anagula ina tsiku lomwelo, koma pofuna kulowa mu WhatsApp, manambala 6 aja anatumizidwa ku nambala imene inali itapatsidwa kale kwa munthu wacilendo. Iye analembetsa ndi nambala ya ku England, naimbira amake. Amake ataona nambala yosadziwika yoyamba ndi +44 anakana kuyankha, popeza mwana yemweyo anawalangiza asanacoke kuti asamayankhe manambala acilendo. Manambala a abale ena onse anali mu foni yosweka ija. Pamtima anasungapo ya amake yokha. Panapita masabata awiri banja lili cete, ndipo m'masabata amenewo mwana wake wamng'ono anagonekedwa m'cipatala n'kutuluka, mai wake osadziwa kanthu. Palibe amene anamwalira, tithokoze Mulungu, koma mau amene ananenedwa pakati pa mai ndi mwana pambuyo pake sanali okoma. Amai anati mwana wayamba kunyada. Mwana anati amai anamubisira matenda.

Mabanja otere ndi ambiri kuposa mmene tiganizira. Boma la Britain linatsegula khomo kwa anchito osamalira okalamba ocokera kunja mu Febuluwale 2022, koma kuyambira pa 11 Malichi 2024 linaletsa anchito atsopano a mtundu umenewu kutenga akazi, amuna kapena ana ao, ndipo mu Julaye 2025 linatseka khomolo kwa ofunsira atsopano a kunja. Ici citanthauza kuti alipo azimai amene akulera ana ao pa foni: kufunsa za sukulu, kuweruza milandu ya pakhomo, kupemphera nao asanagone. Kwa banja lotere foni yakufa si nkhani yaing'ono.

Palinso coopsa cina. Munthu amene wagula nambala yakale ija akalembetsa WhatsApp, mwini wakale amatulutsidwa nthawi yomweyo. WhatsApp imanena kuti ngati akaunti yakhala masiku 45 osagwiritsidwa nchito, imafafaniza zakale nambala ikalembetsedwa pa foni ina. Koma mwana wathu anali kuigwiritsa nchito dzulo lomweli. Tero mlendoyo angathe kudzipeza ali m'gulu la banja, m'gulu la mphakati, ndi m'gulu la zopereka za maliro, pa dzina la mwana wathu. Mauthenga akale sawaona, koma atsopano onse awawerenga. Akakhala munthu woopa Mulungu adzanena kuti mwasokera nambala. Akakhala wina, adzalemba kuti: Amai, ndili pa mavuto, tumizani ndalama pa nambala iyi.

Nanga ticitenji? Poyamba ndilankhule ndi iwe mwana amene ukucoka. Uli ndi njira ziwiri, ndipo uyenera kusankha usanapite, osati kungosiya zinthu zidziyendere zokha. Njira yoyamba ndi kusunga simu ya kuno yamoyo. Pita ku ofesi ya kampani yako, kaya ndi Airtel, MTN kapena Zamtel, ndi citupa cako ca NRC, ufunse mafunso awiri: simu imazimitsidwa patapita masiku angati yosagwiritsidwa nchito, ndipo kodi idzagwira m'dziko limene ukupita? Kugwira kwa simu m'dziko la eni amakucha roaming, ndipo ndi bwino kuti akutsegulire uli konkuno. Ukafika uko, simuyo isakhale m'sutukesi. Mafoni ambiri a masiku ano amalandira masimu awiri; ika ya uko ndi ya kuno pamodzi, utseke intaneti pa simu ya kuno kuti isakudyere ndalama, ndipo mwezi uliwonse m'bale wako aikemo talk time yocepa, iwe utumize uthenga umodzi. Zimenezi n'zokwanira kuonetsa kuti nambala ili ndi mwini.

Njira yaciwiri ndi kusamutsa WhatsApp kupita ku nambala ya dziko latsopano. Mkati mwa WhatsApp muli malo olembedwa kuti Change number. Ukacita zimenezi foni yako ikali bwino, magulu ako onse amasamuka nawe, ndipo abale amalandira cidziwitso cakuti nambala yasintha. Ine ndiona kuti amene akupita kukakhala zaka ayenera kucita zonse ziwiri: WhatsApp aisamutse, koma simu ya kuno asaitaye. Cifukwa cace n'cakuti banki yako ya kuno imatumiza manambala a cinsinsi ku simu imeneyo, ndalama zako za mobile money zili pa nambala imeneyo, ndipo tsiku limene udzabwera ku maliro mwadzidzidzi udzafuna foni yolira utangotsika pa bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda. Ndipo pa tsiku losintha nambala, uimbire amai ndi nambala yakale, uwauze ndi pakamwa, ndipo wina alembe yatsopanoyo pa pepala. Cidziwitso ca pa foni ca m'Cingelezi ambuya sadzaciwerenga.

Amene mukupita ku Joni dziwani kuti kumeneko kuli lamulo lochedwa RICA: simu siigulitsidwa popanda pasipoti ndi umboni wa kumene mukhala. Mlendo amene wangofika, akugona kwa mnzake, angathe kukhala masiku angapo wopanda simu ya uko, ndipo masiku oyambawo ndiwo amene makolo sagona tulo. Amene mukupita ku Dubai dziwani kuti dziko la United Arab Emirates lakhala zaka zambiri likutsekereza kuimbirana pa WhatsApp. Mauthenga olemba ndi mau ojambula amapita, koma kuimba kumafuna mapulogalamu ololedwa ndi boma la kumeneko, monga Botim. Ngati ndi kumeneko mukupita, pulogalamuyo iikidwe pa foni ya amai inu mukali pakhomo, ndipo muwaonetse poponda.

Tsopano za foni yotsala pakhomo, imene ndi nkhani ya ife makolo.

Funso loyamba ndi lakuti: simu ya mu foni imeneyo inalembetsedwa m'dzina la yani? Kuyambira mu 2014, pamene bungwe la ZICTA linazimitsa masimu osalembetsedwa, nambala iliyonse m'dziko muno ili ndi dzina ndi citupa ca munthu kumbuyo kwake. Ambiri a ife tinangolandira simu kwa mwana, iye atalembetsa ndi citupa cake popeza ndiye anali m'tauni tsikulo. Palibe vuto mpaka tsiku limene foni yabedwa m'basi kapena pa Soweto Market. Mupita ku ofesi kukapempha simu ina ya nambala yomweyo, ndipo akufunsani mwini dzina. Mwini dzina ali ku Manchester. Zoposa apa, ndaona azimai amasiye akugwiritsa nchito simu ya malemu amuna ao zaka zambiri. Ndimvetsa, nambalayo ndi imene abale onse a kumudzi aidziwa, ndipo mtima sufuna kufafaniza dzina. Koma ikatayika, kuitenganso pamodzi ndi ndalama zimene zili momwemo kudzafuna mapepala a imfa ndi a woyang'anira cuma ca masiye, ndi maulendo ambiri a ku maofesi. Ndi capafupi kupita pamodzi, mai ndi mwana, ndi zitupa zonse ziwiri, kukasintha dzina ulendo usanafike. Simu ya pakhomo ikhale m'dzina la munthu amene agona pakhomopo.

Funso laciwiri: adzaidyetsa ndani? Foni ya pa intaneti ili ngati mbuzi ya pa cingwe. Siidzipezera yokha cakudya. Mabandulo amatha pa tsiku lake, kaya munalankhula kaya simunalankhule. Pano mabanja ambiri amalakwa mwa kungonena kuti ana adzaona. Ana ake ati? M'nyumba ya anthu asanu ndi atatu, nchito ya onse ndi nchito ya palibe. Sankhani munthu mmodzi, mumuchule dzina pamaso pa banja, mumuuze tsiku la mwezi logula mabandulo, ndipo ndalama yake ikhale yapadera, yosasakanizidwa ndi ya ndiwo. Mwana amene ali kunja angathenso kugula mabandulo iye mwini kucokera komweko, ngati banki yake ya kuno kapena mobile money yake ikali kugwira nchito. Apa muona cifukwa cina cosungira simu ija. Ndipo ndinene mosabisa: mabandulo a ambuya sathera pa kulankhula ndi mwana wao. Amathera pa mdzukulu amene abwereka foni kuti aone za homuweki, n'kuonera mpira wa Arsenal kuseri kwa nyumba mpaka usiku. Kuimba kwa mau okha kumadya pang'ono. Zimene zimadya ndi makanema. Ngati pali karauta, mau ake a cinsinsi asadziwike kwa mzere wonse wa nyumba za lendi. Kukana mnansi n'kovuta pa cikhalidwe cathu, ndidziwa, koma mnansiyo sadzakhalapo pa tsiku limene foni yakana kulira.

Kenaka pali magetsi. Tonse tikumbukira caka ca 2024, pamene cilala cinaphwetsa madzi a ku Kariba, Pulezidenti Hakainde Hichilema nalengeza pa 29 Febuluwale kuti dziko lili pa tsoka. Cakumapeto kwa cakaco makomo ambiri mu Lusaka anali kuona magetsi maola atatu okha pa tsiku, kawirikawiri pakati pa usiku. Rauta yopanda magetsi ndi kabokosi cabe. Ngakhale nsanja za makampani a foni zinali kufooka mabatire ake akatha, kotero kuti munthu anali ndi foni yodzaza moto koma intaneti palibe. Mwana amene afuna kusiyira makolo mphatso yaphindu asiye kabatire kochajira foni kapena kasola kakang'ono, m'malo mwa foni yodula ya makamera anai imene ambuya adzaopa kuigwira.

Ndipo pakhomo pakhale kafoni kena ka mabatani, kochipa, kamene batire yake imakhala masiku angapo, ka simu ya kampani ina. Kafoni kotere sikafuna intaneti. Ici n'cofunika popeza intaneti ingatsekedwe ngakhale magetsi alipo. Pa 12 Ogasiti 2021, tsiku la masankho, WhatsApp ndi Facebook zinatsekedwa m'dziko muno mpaka khoti lalikulu linalamula kuti zitsegulidwe, ndipo abale a kunja amene anadziwa njira imodzi yokha yoimbira anakhala mu mdima. Mu Ogasiti 2018 nduna Dora Siliya analengeza kuti boma lavomereza msonkho wa 30 ngwee pa tsiku pa mafoni a pa intaneti, nkhani imene inautsa mkangano waukulu. Sindikukamba za ndale pano. Ndikungonena kuti njira imene tiyesa yaulere ndi yosatha ili m'manja mwa ena. Mwana wa kunja akhale ndi njira yoimbira nambala wamba ya kuno, ngakhale ili yolipira, monga Rebtel kapena Viber Out, ndipo aiyese kamodzi asanaifune pa tsoka.

Makampani naonso amafa. Skype, imene inayamba mu 2003 ndipo inali njira ya anamwino athu opita ku Britain yolankhulira ndi kwao, inatsekedwa ndi Microsoft pa 5 Meyi 2025. Amene anaika mtima wao wonse pamenepo anayamba kufunafuna njira ina.

Mabanja ena, makamaka amene ana ao ali ku America kapena ku England, ali ndi makonzedwe ena amene ndiwakonda pa anthu okalamba. Mwana amagula kabokosi kakang'ono kamene mbali imodzi kamalumikizidwa ku rauta, mbali ina ku lamya wamba ya pa thebulo. Kabokosiko kali ndi nambala ya dziko limene mwanayo akhala, kotero iye akaimba ali ngati akuimbira mnansi wake, koma lamya ikulira mu Mtendere. Agogo safunika kuphunzira kanthu: yalira, anyamula. Ku England komweko malamya a m'nyumba akuwasamutsira pa intaneti m'njira yofanana ndi imeneyi, ndipo mawaya akale akonza zowazimitsa pofika Januwale 2027. Koma kabokosi kameneka kali ndi zake. Kamalipiridwa mwezi ndi mwezi ndi khadi la banki, ndipo khadilo likatha nthawi yake mwini osazindikira, nambala imatsekedwa mwakacetecete. Makampani ena salola kuti kabokosi kagwire nchito kunja kwa dziko lao, conco funsani musanagule. Magetsi a ku America ndi a mphamvu ya 120, athu ndi a 230. Yang'anani pa pulagi ngati palembedwa 100 mpaka 240, apo ai mudzamva fungo la kupsa tsiku loyamba. Ndipo cacikulu ndi ici: lamya imeneyo imadziyesa ili ku dziko la eni. Mukaimbapo 991 kufuna apolisi, kapena 993 kufuna ozimitsa moto, simudzawapeza a mu Lusaka. Pa ngozi gwirani foni ya simu ya kuno. Cimodzimodzi mwana amene wanyamula kabokosi kotere kusamuka nako ku dziko lina auze kampani keyala yake yatsopano, kuti tsiku la ngozi thandizo lisatumizidwe ku nyumba imene anacokamo.

Ndibwerere pang'ono kwa akuba, pakuti nyumba imene ili ndi mwana kunja imadziwika mu komboni monse, ndipo akuba naonso amamva. Njira yao yodziwika ndi iyi: akuimbirani mwaulemu, nanena kuti ndi a ku kampani ya foni, kapena kuti atumiza manambala ku foni yanu molakwitsa, muwawerengere. Manambala amenewo ndi 6 aja. Mukawawerenga, WhatsApp yanu yapita, ndipo pasanathe ola mwana wanu ku England alandira uthenga wocokera kwa amake wakuti atate agwa, tumiza ndalama msanga. Amai ndi atate, manambala obwera pa foni yanu sauzidwa munthu, ngakhale wolankhula bwino cotani, ngakhale atachula dzina la mwana wanu. Mwana asanacoke aike pa WhatsApp ya pakhomo PIN yaciwiri, imene imacedwetsa wakuba ndi kukupatsani mpata wobweza nambala yanu. Ndipo banja lipangane lamulo limodzi: ndalama sizitumizidwa cifukwa ca uthenga wolemba. Muimbirane, mumve mau. Popeza masiku ano kuli makina otha kutsanzira ngakhale mau a munthu, mukhale ndi funso limene wa m'banja yekha angayankhe, monga dzina la mudzi wa ambuya a amai, kapena dzina limene mwanayo anali kuchedwa ali wakhanda. Zioneka ngati masewera mpaka tsiku limene zidzapulumutsa ndalama za lendi.

Zonsezi zilembedwe. Gulani kabuku ka cikuto colimba, kakhale pamodzi ndi makadi a ubatizo ndi mapepala a nyumba. Mulembemo nambala ya mwana ya kuno ndi ya uko, nambala ya kumene agwira nchito, nambala ya munthu wina wa kwathu amene akhala naye pafupi, ndi dzina la parishi imene apemphera. Naye mwana anyamule pepala la manambala a anthu atatu kapena anai a kuno: amai, amalume, mnansi wa khomo loyandikana, ndi wa pampando wa mphakati. PIN ya mobile money isalembedwe m'kabukuko. Kale tinali kusunga manambala pamtima. Lero ambiri sitidziwa ngakhale ya mkazi kapena mwamuna wathu, ndipo foni ikatayika timatsala ngati mlendo pa Intercity.

Sabata lotsiriza ulendo usanafike, yesani zonse. Mwana apite kwa mnzake ku Matero, aimbe ali kumeneko, ndipo amai ayankhe okha popanda mdzukulu wowagwirira foni. Kenaka amai aimbe iwo. Azimitse rauta, aiyatsenso. Ajambule mau awatumize, pakuti mau ojambula amadikira intaneti ikabwera, ndipo amathandiza amene maso atopa ndi zilembo zing'onozing'ono. Pamene alephera, abwerezenso mwana akali pafupi. Kuphunzitsa munthu poponda uli kutsidya kwa nyanja, pa foni yomweyo imene yavuta, ndi nchito yoputa mkangano.

Pomaliza pangananiponi tsiku ndi ola loimbirana, kuti kukhala cete kukhale ndi tanthauzo: ola likapita foni osalira, aliyense adziwa kuti ayambe kufunsa. Joni ali pa nthawi imodzi ndi ife. Dubai ali patsogolo pathu ndi maola awiri, Perth ya ku Australia ndi maola 6. England ndiyo imasokoneza makolo ambiri, popeza kumeneko amasintha mawochi kawiri pa caka, Lamulungu lotsiriza la Malichi ndi Lamulungu lotsiriza la Okutobala. Mwana amene amaimba 17 koloko ya kwao, kuyambira Epulo mpaka Okutobala foni yake idzalira kuno 18 koloko, koma kuyambira Novembala mpaka Malichi idzalira 19 koloko. Lembani zimenezi m'kabuku kaja, kuti Lamulungu lotsiriza la Okutobala amai asakhale ola lathunthu pa mpando, foni ili m'manja, akuganiza za ngozi.